Kayendetsedwe ka zochitika pa laibulale ya m'tawuni yaing'ono

Laibulale ya m'tawuni yaing'ono kawirikawiri imakhala ndi chipinda chimodzi kapena ziwiri, wogwira ntchito mmodzi kapena awiri, ndi thumba la ndalama losakwana ngakhale kugula mabuku atsopano. Pamalo otere zochitika zimene zimakhalitsa ndi zing'onozing'ono, zochitika tsiku lomwelo ndi ola lomwelo mpaka anthu ataleka kufunsa kuti ndi liti. Chikondwerero chachikulu cha kamodzi pachaka chimadzaza chipinda, koma Lolemba lotsatira kaundula wa obwereka mabuku amaoneka monga analili. Malangizo otsatirawa ndi oyambitsira pologalamu imodzi n'kuisunga yamoyo chaka chathunthu. Yachiwiri iyambe yadikira.

Choyamba: dziwani amene amabwera ndi amene sabwera

Kwa milungu iwiri ikani pepala pa tebulo lolandirira anthu, muligawe m'maola, ndipo munthu aliyense akalowa muzichonga kamzere mu ola lake. Zizindikiro zikhale zitatu: mwana, wachinyamata, wamkulu. Mayina safunika. Milungu iwiriyo ikatha mudzaona maola amene chipinda chimadzaza ndi ophunzira ofuna bata, ndiponso maola amene mipando imakhala yokhayokha. Chilichonse chaphokoso chipite m'maola opanda anthuwo, apo ayi mudzapeza ana 15 n'kuthamangitsa owerenga 15 amene munali nawo kale.

Kenako tulukani panja. Lankhulani ndi anthu 15 kapena 20 amene sanalowepo m'laibulale: makolo odikira ana pakhomo la sukulu, ochita malonda, aphunzitsi, ogwira ntchito kuchipatala, achinyamata amene anamaliza sukulu. Musawafunse kuti, "Kodi mungabwere titayambitsa gulu lowerenga mabuku?" Munthu waulemu amavomera, koma tsikulo likafika simumuona. Afunseni zinthu zitatu. Chawavuta n'chiyani mwezi uno pa nkhani ya mapepala, foni kapena maphunziro a ana? Amakhala opanda chochita tsiku liti, ola liti? Nanga chingawalepheretse kubwera n'chiyani? Funso lachitatuli ndilo limatulutsa zambiri. Wina adzati alibe womusiyira khanda, wina adzati amaopa kuyenda kukada, enanso adzati ankayesa kuti polowa amalipiritsa, kapena kuti malowo ndi a anthu ophunzira okha.

Funsaninso zimene ena akuchita kale m'tawunimo. Ngati sukulu ina ili ndi gulu lothandiza ana homuweki Lachitatu, musayambitse lanu Lachitatu lomwelo. Aitaneni azidzachitira kwanu, kapena sankhani china.

Chachiwiri: lembani tsamba limodzi

Pa zonse zimene mwamva, sankhani chimodzi. Chilembeni pa tsamba limodzi lokha, lokhala ndi izi: anthu ake ndi ati (zaka zawo zitchulidwe, monga ana a zaka 3 mpaka 5), cholinga chake m'chiganizo chimodzi, tsiku ndi ola, chiwerengero cha anthu amene mungalandire, wotsogolera, wolowa m'malo mwake akadwala, zipangizo, ndalama zofunika, ndi tsiku lothera kuyeserera.

Cholinga chikhale chinthu chooneka. "Kulimbikitsa chikhalidwe chowerenga" simungathe kudziwa ngati chatheka. "Mwana aliyense wobwera kunthano azipita ndi buku kunyumba" mutha kuchitsimikiza pa kaundula.

Nthawi yoyeserera ikhale maulendo 6. Ulendo woyamba umakopa anthu ongofuna kudzaona. Wachiwiri ndi wachitatu chiwerengero chimatsika, ndipo apa m'pamene ambiri amagwa ulesi n'kusiya. Chithunzi chenicheni chimaoneka pa ulendo wachisanu ndi wachisanu ndi chimodzi, anthu atayamba kuuzana okha.

Pa ndalama, lembani chilichonse ngakhale chaching'ono: mapepala, inki ya pulinta, makrayoni, choko, mayendedwe a mlendo wodzalankhula. Pamwamba pake onjezerani gawo limodzi mwa magawo 10 la zogwa mwadzidzidzi, ndipo malisiti onse azilowa mu envulopu imodzi. Polowa pasakhale malipiro. Chikalata cha malaibulale a anthu onse cha UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe, chimene chinatuluka koyamba mu 1949 n'kukonzedwanso mu 1972, 1994 ndi 2022, chimanena kuti mwa mfundo laibulale yotere iyenera kukhala yaulere. Ngakhale kandalama kochepa kamachotsa anthu omwewo amene mukufuna kuwafikira.

Tsambali mulipereke kwa amene amayang'anira laibulaleyo, kaya ndi khonsolo, komiti kapena likulu la malaibulale, ndipo chilolezo chibwere cholembedwa. Funsanitu zinthu ziwiri: ngati mukuloledwa kutsegula kunja kwa maola a ntchito, ndiponso amene adzayankhe munthu akavulala pamalopo.

Chachitatu: tsiku ndi ola

Za ana zizichitika mlungu uliwonse, chifukwa mwezi ndi wautali kwa mwana wa zaka 4. Za akulu, monga gulu lokambirana mabuku, kamodzi pamwezi kamakwana. Tsikulo likhale losavuta kunena pakamwa: "Loweruka lililonse 10 koloko m'mawa", kapena "Lachinayi loyamba la mwezi". Zonena kuti "milungu iwiri iliyonse" zimasokoneza, munthu akaphonya kamodzi sadziwanso kuti ndi mlungu uti.

Musanatsimikize, yalani kalendala ya chaka chonse pa tebulo. Chongani masabata a mayeso, maholide a sukulu, masiku a tchuthi, nyengo imene kunja kumada msanga kapena misewu imavuta. Zochitika zamadzulo zizitha kudakali mpata woti munthu woyenda pansi akafike kwawo bwinobwino.

Pali masiku odziwika padziko lonse amene amathandiza poyambira kapena podzutsa pologalamu imene yayamba kuzilala. Pa 21 Febuluwale ndi tsiku lokumbukira chinenero chobadwa nacho, pa 2 Epulo ndi tsiku la mabuku a ana, pa 23 Epulo ndi tsiku la mabuku ndi umwini wa zolemba, ndipo pa 8 Sepitembala ndi tsiku la kulemba ndi kuwerenga. Aphunzitsi ndi a wailesi amamvetsa msanga mukawatchulira masikuwa. Koma tsiku lotere likhale khomo lolowera: aliyense wobwera apite akudziwa kuti ulendo wotsatira ndi liti.

Chachinayi: chipinda

Tengani tepi muyeze malo enieni opanda mashelefu. Powerengera mwachidule, munthu wokhala pa mpando wa m'mizere amafuna pafupifupi sikweya mita imodzi kuphatikizapo tinjira, pomwe wokhala pa tebulo amafuna pafupifupi masikweya mita awiri. Malo a mamita 6 kwa mamita 5 ndi masikweya mita 30. Mukachotsa kutsogolo koimirira wolankhula, mutsala ndi malo a anthu 24 kapena 25 pamipando, kapena 12 pamatebulo. Ngati aboma kapena ozimitsa moto anaika malire a anthu olowa m'chipindacho, malire awowo ndiwo otsatira, osati masamu anu.

Kanjira ka pakati pa mipando kasachepere masentimita 90, ndipo penapake pakhale malo opanda kanthu a masentimita 150 mbali zonse kuti njinga ya munthu wa ulumali itembenukirepo. Ngati pakhomo pali sitepe, malo otsetsereka olowera asapendekeke kuposa 1 pa 12: sitepe ya masentimita 15 imafuna thabwa kapena simenti yotalika masentimita 180. Lalifupi kuposa apo n'loopsa. Khomo lotulukira pangozi lisatsekedwe ndi mpando, tebulo kapena katoni, ngakhale kwa ola limodzi. Osamva bwino ndi osaona bwino muwasungire mipando ya kutsogolo.

Zenera likhale kumbuyo kwa omvera, osati kumbuyo kwa wolankhula. Kuwala kukachokera kumbuyo kwake, nkhope yake ndi zithunzi za m'buku zimada, anthu n'kumangotsinzinira. Mipando muyale yochepa kuposa anthu amene mukuyembekeza, ina muunjike pambali. Anthu 10 pa mipando 12 amaona kuti zinthu zayenda, koma anthu 10 omwewo pa mipando 40 amaona ngati alakwitsa kubwera.

Onani chimbudzi ndi madzi akumwa tsiku lisanafike. Owerenga a masiku onse muwadziwitse mlungu umodzi zisanachitike kuti ola lakutilakuti kudzakhala phokoso.

Chachisanu: anthu othandiza, ndi chitetezo cha ana

Wogwira ntchito mmodzi sangawerengere ana nthano uku akubwereketsa mabuku pa tebulo. Pafunika anthu awiri pa chochitika chilichonse: wotsogolera ndi woyang'ana pakhomo. Odzipereka muwapatse ntchito yolembedwa m'mizere itatu kapena inayi, yonena ola lofika, chochita ndi ola loweruka. Munthu amene wangouzidwa kuti "muzidzatithandiza" amabwera kawiri n'kuzimiririka, chifukwa sadziwa ngati akufunikadi. Mupempheni maulendo 6 okha. Akakwana, ndi iye amene anganene zopitiriza.

Pa ana pali malamulo osakambirana. Wamkulu asatsale yekha ndi mwana m'chipinda chotseka. Nthawi zonse pakhale akulu awiri, kapena chitseko chotsegula pamalo poonekera. Wodzipereka aliyense wogwira ndi ana abwere ndi anthu awiri omuchitira umboni, ndipo kumene lamulo limafuna kalata ya kupolisi, kalatayo ikhalepo asanayambe. Ana osakwana zaka 6 azibwera ndi wamkulu amene akhale nawo mpaka pomaliza. Laibulale si mosungira ana, ndipo izi zilembedwe pa chidziwitso chomwe. Kwa ana okulirapo obwera okha, sungani dzina la kholo ndi nambala ya foni m'kaundula wotsekeredwa, osati pa pepala loti aliyense aone. Gwirizananitu chochita mwana akatsala osatengedwa nthawi yotseka: akulu awiri adikire naye, aimbire kholo, ndipo wina asamunyamule yekha kupita naye kwawo.

Zithunzi za ana zisajambulidwe kapena kuikidwa pa Facebook ndi WhatsApp popanda chilolezo cholembedwa cha kholo. Ngati mukufuna chithunzi cha lipoti, jambulani kuchokera kumbuyo, kapena jambulani manja ndi mabuku.

Chachisanu ndi chimodzi: kulengeza

Chidziwitso chinene chochitika, anthu ake, tsiku la mlungu pamodzi ndi deti, ola loyamba ndi lothera, malo, ndi mawu akuti "ulere" m'zilembo zazikulu. Mutu wake uziwerengeka munthu ali pa mamita atatu. Mawu apamwamba asiyeni. "Phunzirani kutumiza kalata yofunsira ntchito pa foni" amakopa anthu kuposa "Maphunziro a luso lamakono".

Lengezani katatu: kutatsala milungu itatu, mlungu umodzi, ndi dzulo lake. Mapositala mumate kumene anthu amaima n'kudikira, monga pokwerera basi, kuchipatala ndi pakhomo la sukulu, mutapempha eni malo. Pakhomo la laibulale pamafika okhawo amene amabwera kale. Kumbukiraninso kuti munthu wofuna thandizo la kuwerenga sangawerenge positala yanu. Iyeyo amamva kudzera pa wailesi ya m'dera, kwa mphunzitsi wa mwana wake, kapena kwa mnzake. Timapepala tating'ono 30 topatsa mphunzitsi mmodzi amene wamvetsa cholinga chanu timagwira ntchito kuposa mapositala ambiri. Tsiku likadutsa, kamatuleni akalewo. Chidziwitso chakale chikakhalitsa pakhoma, anthu amaleka kuwerenga chilichonse chapamenepo.

Chachisanu ndi chiwiri: mkati mwa pologalamu

Nthano za ana ndizo zosavuta kuyamba, komanso ndizo zimawonongeka msanga wotsogolera akapanda kukonzekera. Kwa ana a zaka 3 mpaka 5, mphindi 30 zakwana, ndipo gulu lisapitirire ana 20. Akhale pansi pa mkeka kapena kapeti mozungulira theka, wowerenga pa kampando kakafupi kutsogolo. Sankhani mabuku anayi kapena asanu ngakhale mudzawerenga awiri kapena atatu, ndipo lililonse muliwerenge mokweza panokha dzulo lake. Buku looneka lalifupi m'maso limatha kutenga mphindi 12 pakamwa.

Ndondomeko yake ikhale yosasintha. Yambani ndi kanyimbo komweko mlungu uliwonse, kuti ana adziwe kuti zayamba popanda wina kukuwa. Buku lalitali libwere poyamba, mitu idakali yozizira, mphindi 7 kapena 8. Likatha aimirire, aombe m'manja, adumphe, atambasule miyendo kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Kenako buku lalifupi, makamaka lokhala ndi mawu obwerezabwereza amene ana angavomereze. Nthano yapakamwa yopanda buku kapena ndagi zingapo zimakhala bwino chakumapeto. Mutsirize ndi nyimbo yotsanzikana, nayonso yomweyo nthawi zonse.

Buku muligwire pambali pa nkhope yanu, zithunzi zitayang'ana ana, ndipo muliyendetse pang'onopang'ono kuchoka kumanzere kupita kumanja kuti a m'mbali aone musanatembenuze tsamba. Mafunso akhale awiri kapena atatu pa buku, a mtundu wa "mukuganiza kuti achita chiyani tsopano?" Kufunsa pa tsamba lililonse kumadula nkhani, ana n'kuiwala kumene imalowera. Mukaona ana ayamba kugubuduka ndi kukokana zovala, musakweze mawu. Dumphani masamba, fotokozani mathero m'ziganizo ziwiri, tsekani buku, imbani. Kawirikawiri vuto limakhala buku kapena kutalika kwake, osati anawo. Makolo nawo akhale pansi ndi ana awo, mafoni ali m'thumba. Akayamba kucheza kumbuyo, ana amatsanzira.

Ntchito yamanja ya pambuyo pa nthano, monga kujambula, si yokakamiza. Ngati ilipo isapitirire mphindi 15, zodula zidulidwiretu, ndipo tinthu tating'ono monga mikanda ndi mabatani tisayandikire ana osakwana zaka 3, chifukwa amaika m'kamwa n'kutsamwa. Chofunika kwambiri ndi mphindi 15 zomaliza zoti ana asankhe mabuku. Mafomu olembetsera umembala akhale pomwepo ndi cholembera, kholo lisachite kuuzidwa kuti lidzabwerenso tsiku lina.

Mabuku a ana a m'chinenero chawo akasowa, pa intaneti pali African Storybook, StoryWeaver ndi Book Dash. Mabuku awo ali pansi pa zilolezo za Creative Commons, kutanthauza kuti mutha kutsitsa ndi kusindikiza kwaulere malinga mayina a wolemba ndi wojambula asachotsedwe. Onani chilolezo cha buku lililonse musanalimasulire. Powerengera gulu sindikizani pa pepala la A3, ndipo masamba mulowetse m'mapulasitiki kuti apirire manja ambiri.

Gulu lokambirana mabuku la akulu limayenda bwino ndi anthu 6 mpaka 12, kwa ola limodzi ndi theka. Vuto lake lalikulu ndi makope. Laibulale yaing'ono siikhala ndi makope 10 a buku limodzi, ndipo kuchita fotokope buku lonse popanda chilolezo n'kuphwanya lamulo la umwini wa zolemba. Njira zilipo zitatu. Makope atatu kapena anayi azizungulira, aliyense masiku 10, ndandanda yake italembedwa. Kapena sankhani nkhani yaifupi yoti iwerengedwe mokweza pomwepo m'mphindi 20. Kapenanso sankhani mutu umodzi, monga mbiri ya moyo wa munthu, aliyense abwere ndi buku lake. Kwa gulu latsopano njira yachiwiri ndiyo yabwino, chifukwa palibe amene amachita manyazi kuti sanamalize. Wotsogolera akonze mafunso asanu, ayambe ndi kuzungulira kuti aliyense atulutse mawu m'mphindi 10 zoyamba. Amene sanalankhule poyambapo nthawi zambiri amakhala chete mpaka kumapeto. Wolankhula kwambiri mum'dule mwaulemu pomuthokoza n'kuitana wina ndi dzina.

Pa maphunziro a kompyuta ndi foni, anthu asapitirire awiri pa kompyuta imodzi, ndipo wothandiza mmodzi akhale ndi ophunzira anayi kapena asanu. Phunziro lililonse likhale ndi ntchito imodzi yoti munthu amalize n'kupita nayo: lero kutsegula imelo, mlungu wamawa kulumikiza chikalata ku imeloyo. Wothandiza asagwire mausi kapena foni ya wophunzira. Aloze ndi chala, wophunzira adine yekha, ngakhale zitenge nthawi. Zochitiridwa sizikhala m'mutu. Masitepe alembedwe pa pepala limodzi loti apite nalo. Uzanitu anthu abwere ndi foni yochajidwa, popeza potsegula imelo nthawi zambiri pamafunika nambala yotsimikizira yobwera pa foni. Pasiwedi munthu alembe yekha m'kabuku kake. Ogwira ntchito asaifunse ndipo asaisunge. Pomaliza aliyense atuluke mu akaunti yake inu mukuona. Makompyuta muwayatse dzulo lake kuti amalize kudzikonza, apo ayi theka la phunziro lidzathera kuyang'ana sikirini. Kumene intaneti imavuta, pulogalamu ya Kiwix imalola kusunga Wikipedia pa kompyuta n'kumaiwerenga popanda netiweki.

Mlendo wodzalankhula, kaya ndi wa zaumoyo, zaulimi kapena zamalamulo, alankhule mphindi 20 kapena 25, nthawi yotsala ikhale ya mafunso. Mulembereni kalata yonena mutu, omvera ake, nthawi, ndi zoletsedwa: kutsatsa malonda ake, kukopa anthu pa ndale, ndi kupereka malangizo a matenda kapena mlandu wa munthu mmodzi pagulu. Gawani timapepala toti anthu alembepo mafunso osaika dzina, chifukwa mafunso ofunika kwambiri ndi amene anthu amaopa kufunsa ataimirira. Muimbireni kutatsala masiku awiri.

Za kanema, mfundo ndi imodzi: m'mayiko ambiri kuonetsa filimu pagulu kumafuna chilolezo cha eni ake, ngakhale polowa pali paulere ndipo DVD munagula nokha. Chilolezo chikavuta, sankhani mafilimu amene eni ake analoleza poyera.

Chachisanu ndi chitatu: tsiku lenilenilo

Fikani kutatsala ola. Yalani mipando, kolekani chikwangwani panja cholozera khomo, yesani pulojekita ndi sipika pogwiritsa ntchito kompyuta ndi chingwe chimene chidzagwire ntchito pa nthawiyo. Zingwe zodutsa pansi muzimate ndi tepi. Pafupi ndi khomo ikani tebulo la mabuku 10 kapena 15 ogwirizana ndi mutu wa tsikulo, chikuto chikuyang'ana anthu. Kutatsala mphindi 15 zonse zikhale zatha, kuti wina aime pakhomo azilonjera. Munthu wolowa koyamba akapanda kulandiridwa amasuzumira n'kubwerera.

Yambani pa nthawi yake ngakhale afika anthu atatu. Mukadikira ochedwa, mukuphunzitsa osunga nthawi kuti nawonso azichedwa. Atatuwo muwachitire zonse monga munakonzera, mungowasendeza pafupi. Kulephereka kamodzi kokha chifukwa cha kuchepa kwa anthu kumafalikira m'tawuni kuti "kumene kuja sizichitika". Anthu akachuluka kupyola malire, musawapanikize. Lembani mayina a otsalawo, ndiwo akhale oyamba ulendo wotsatira, kapena bwerezani pakatha mphindi 45 ngati wotsogolera angathe.

Mawu otsegulira asapitirire mphindi ziwiri: moni, kumene kuli chimbudzi ndi khomo lotulukira, nthawi yothera. Konzekerani kuti magetsi atha kuzima kapena mlendo osabwera. Zolankhula zake zikhale zosindikizidwa pa pepala, ndipo m'dirowa mukhale chochita china chosafuna magetsi, monga nkhani yowerenga mokweza ndi mafunso ake. Tsirizani pa nthawi yake, mutchule deti la ulendo wotsatira kawiri, n'kuloza tebulo la mabuku.

Chomaliza: kaundula ndi chigamulo

Anthu akangotuluka, musanaunjike mipando, lembani m'kope limodzi zinthu zisanu: obwera onse, angati mwa iwo anabweranso ulendo wapita, makadi atsopano a umembala, mabuku obwerekedwa pa tebulo lija, ndi chinthu chimodzi chimene chavuta. Mukasiya kuti mulembe mawa, manambala amakhala ongoganizira. Pa zisanuzi, chachiwiri ndicho chimanena zoona. Anthu 40 osiyanasiyana ulendo uliwonse ndi chizindikiro chakuti kulengeza kukuyenda koma pologalamuyo siikuwagwira mtima. Anthu 9 amene 7 mwa iwo amabwerabe ndi gulu loti mulisamale.

Mafomu aatali ofunsa maganizo a anthu satulutsa zambiri. Pakhomo potuluka funsani anthu awiri kapena atatu kuti anamva bwanji za chochitikachi, ndiponso chimene angakonde chisinthe. Funsaninso mmodzi amene anasiya kubwera, mukakumana naye.

Maulendo 6 akakwana, khalani pansi ndi othandiza anu, kope lili potsegula. Zosankha ndi zitatu: kupitiriza momwemo, kusintha chinthu chimodzi n'kuyesanso maulendo ena 6, kapena kusiya. Posintha, sinthani chimodzi chokha, ndipo muyambe ndi ola, chifukwa ndilo limalakwika kawirikawiri kuposa mutu. Mukasintha tsiku, wotsogolera ndi mutu nthawi imodzi, simudzadziwa chimene chathandiza. Mukasankha kusiya, lengezani poyera tsiku lomaliza ndipo muwauze obwerawo china chimene angalowe.

Kwa khonsolo kapena komiti tumizani tsamba limodzi: manambala a m'kope muja, ndalama zimene zagwiritsidwa ntchito ndi malisiti ake, ndi pempho limodzi lotchula chinthu ndi kuchuluka kwake, monga mipando 10 ya ana kapena mapepala a miyezi itatu. Kope lina la tsambalo lilowe mu fayilo pamodzi ndi tsamba loyamba lija, ndandanda ya odzipereka ndi mndandanda wa mabuku amene anawerengedwa, kuti wogwira ntchito akasamutsidwa wolowa m'malo mwake apeze poyambira.